Kodi droni ingabutse moto wolusa m'nyengo ya chilimwe?

Mphunzitsi wa ku Matawale

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa masabata awiri tsopano, ndipo ndikupempha amene mumadziwa bwino za makina ouluka kapena za nkhalango kuti mundiunikire. Chaka chatha mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera droni (kandege kojambula zithunzi kamene munthu amakaulutsa ali pansi) yaing'ono yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mtundu wopepuka uja wosapitirira magalamu 250, pamodzi ndi mabatire atatu. Sindichita nayo malonda ayi, koma Loweruka ndikapuma ndimakonda kujambula mapiri, madambo ndi minda, ndipo zithunzi zina ndimaonetsa ana a m'kalasi mwanga tikamaphunzira za malo ndi chilengedwe.

Chakumapeto kwa September ndinapita ku dambo lina la kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo ndinayamba kuulutsa dzuwa lili paliwombo. Mphepo inali yamphamvu kuposa momwe ndinkaganizira, moti droni ija inkalimbana nayo pobwerera, batire linatha msanga, ndipo pamapeto pake inangotera yokha pakati pa udzu wautali wouma, patali ndithu ndi pamene ndinaima. Ndinatha pafupifupi mphindi 15 ndikuifunafuna. Nditaipeza, timapiko take tinali titadula udzu, udzu wina unali utakulungika pa mota imodzi, ndipo batire linali lotentha moti sindinathe kulifumbata m'dzanja. Ndili kunyumba madzulo ndi pamene ndinazindikira kuti batire lomwelo latukuka pang'ono pamimba ndipo likulowa mothina m'malo mwake. Bambo wina wachikulire amene ankadyetsa ng'ombe chapafupi anandiyang'ana nthawi yaitali pamene ndinkatuluka m'udzumo, kenako anandiuza mofatsa kuti, "Mwana wanga, kanthu kakoka tsiku lina kadzatiotchera msipu." Mawu amenewo sanachokebe m'mutu mwanga.

Pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 October, ndinakonza zokwera phiri la Zomba kuti ndikajambule damu la Mulunguzi, nkhalango ya paini ndi mbali ya ku Chingwe's Hole. Ndikufuna kudziwa ngati n'zoona kuti kachipangizo kakang'ono chotere kangayambitse moto wa m'tchire, kapena ngati ndi mantha chabe a munthu amene sanakazolowere. Ngati n'zoona, motowo umachokera pati, pa mota kapena pa batire? Ndipo kodi ndi bwino ndipitebe ndi mabatire awiri abwino aja, kapena ndidikire mvula?

Wokonza mafoni ku Limbe

Aphunzitsi, ndakhala ndikukonza mafoni ndi malaputopu kwa zaka zambiri, ndipo sipatha sabata batire lotupa lisanafike pa tebulo langa, choncho ndiyankha za batire, za nkhalango ndisiyira eni ake. Batire latukukalo musaliikenso m'droni, ndipo musalitchajenso ngakhale kamodzi kokha.

Mabatire a droni ndi a lithium, ofanana ndi a m'foni koma opangidwa kuti azitulutsa mphamvu yambiri pa kanthawi kochepa. M'kati mwake muli timapepala tambiri tosanjikizana, tina ta mbali imodzi ya magetsi, tina ta mbali inayo, ndipo chimene chimaletsa mbali ziwirizi kukhudzana ndi kapulasitiki kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Zonsezi zimakhala zonyowa ndi madzi ena ake amene amayaka ngati thinala. Batire likabooka, likapindika pogwa, kapena likatentha mpaka kapulasitiki kaja kuyamba kusungunuka, zimene zimachitika kutentha kukafika cha m'madigiri 130, mbali ziwiri zija zimakhudzana. Pamenepo kutentha kumabala kutentha kwina, mpweya umadzaza m'kati, batire limaphulika msoko n'kulavula lawi, ndipo selo (chimodzi mwa zigawo zimene zimapanga batire) yoyandikana nayo imalandirira. Kutupa kumene mwaonako ndi mpweya wochokera ku madzi aja akuwonongeka, kutanthauza kuti m'kati zinthu zayamba kale kusokonekera.

Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito analasa batire la foni ndi kasikuludiraiva pofuna kulimatula. Tinangomva kulira kwa psii ngati njoka, utsi woyera wonunkha unadzaza kashopu konse, ndipo ndisanafike ndi pomwe pa chitseko lawi linali litatuluka. Ndinalikankhira pansi ndi pulayala, linayakira pa simenti kwa kanthawi n'kuzima, ndipo banga lakuda lilipo mpaka lero. Limenelo linali batire la selo imodzi pa simenti. La droni nthawi zambiri limakhala la maselo awiri kapena kuposa, ndipo pamene inu munalipeza linali litagona pa udzu wa September.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti batire lovulala silimayaka nthawi yomweyo nthawi zonse. Lingathe kuoneka labwinobwino droni itagwa, koma n'kuyamba kufuka patapita mphindi zingapo kapena maola, muli nalo m'chikwama kapena m'galimoto. Za mota musade nazo nkhawa kwambiri, chifukwa mamota a madroni a masiku ano alibe timakala tokhula tija timene timathetheka m'madirilo akale. Imatentha ndithu ikakodwa ndi udzu n'kumakakamirabe kuzungulira, ndipo waya wosendeka pogwa angathe kuthetheka, koma gwero lalikulu la moto ndi batire.

Nyengo ino imalemetsa batire mbali zonse. Opanga madroni ang'onoang'ono ambiri amalemba m'mabuku awo kuti asaulutsidwe kutentha kukaposa madigiri 40, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwezi wa October kutentha kumafika pamenepo ngakhale pa mthunzi, osanena za batire limene lasiyidwa pa mpando wa galimoto yotseka magalasi. Mpweya wotentha ndi wopepuka, wa pamwamba pa phiri ndi wopepuka koposa, ndipo nsonga za phiri la Zomba zimafika mamita 2,000, choncho timapiko timazungulira mwamphamvu kuti droni ingoima m'malere, n'kumakoka magetsi ambiri. Mukaonjezerapo mphepo yolimbana nayo, mupeza chifukwa chake batire lanu linatha msanga ndiponso linatentha chotero.

Mabatire awiri otsalawo muziwasiya azizire musanawatchaje, muziwatchajira pa simenti inu muli maso, osati pa matiresi kapena kuwasiya pa chaja kuti magetsi akabwera usiku adzaze okha. Mukamawasunga masiku ambiri asakhale odzaza. Selo yodzaza imakhala pa mavolti 4.2, koma yosungidwa bwino imakhala cha pa 3.8, kumene kuli pafupifupi theka. Lotupalo muliike mu mphika wadothi, mulikwirire ndi mchenga wouma, muuike pa mthunzi kutali ndi nyumba ndiponso kumene ana safikako. Musaliponye kudzala, popeza dzala timaliotcha.

Wouluka wa ku Area 25

Ndikugwirizana ndi zonse zimene achimwene a ku Limbe anena za batire lotupa, koma ndikuona kuti nkhaniyi tingaikulitse mopitirira muyeso, n'kuchititsa anthu kuopa chipangizo chimene chikuthandiza dziko lino. Ine ndaulutsa droni kwa zaka zingapo m'nyengo zonse, yagwapo kangapo, ndipo sindinaonepo ngakhale kautsi. Aliyense amene wayendapo pa msewu wa M1 usiku mwezi wa September amadziwa kuti mapiri amakhala ali ngwee ndi moto kuyambira ku Ntcheu mpaka ku Dedza, ndipo palibe amene anganene kuti moto umenewo wabutsidwa ndi droni. Ndi wa osaka mbewa, otentha makala, ofula njuchi, ososa m'minda ndi oponya zotsalira za ndudu.

Tisaiwalenso kuti mu 2017 boma pamodzi ndi UNICEF anatsegula ku Kasungu dera loyeserako madroni a ntchito zothandiza anthu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata athu. Madroni anyamulapo mankhwala ndi magazi okayezedwa kupita ku zipatala zovuta kufikako, ndipo maulendo amenewo saima chifukwa choti kunja kwauma. Droni yomweyo ingathandize kuona moto usanakule. Ndikuopa kuti tikayamba kulankhula ngati droni ndi machesi ouluka, mafumu ndi alonda a nkhalango adzangotiletsa tonse, pamene obutsa moto enieni akupitiriza. Ine ndikanati aphunzitsi apite ndi mabatire abwinowo, asamale basi.

Mlonda wa nkhalango wopuma

Ndagwira ntchito ya nkhalango mpaka kupuma, zaka zambiri ku Chikangawa ndi zina pa phiri la Zomba lomwelo, ndipo ndikuvomera kuti achimwene a ku Area 25 anena zoona pa za amene amabutsa moto kawirikawiri. Pa moto wonse umene ndinathamangira ndi chophera moto m'manja, palibe umene unayamba ndi droni. Komabe aphunzitsi sanafunse kuti ndani amabutsa moto wambiri m'dziko muno. Afunsa za droni yawo, pa phiri lija, pa 15 October, ndipo yankho langa pa funso limenelo ndi lakuti asapite nayo.

Chifukwa changa ndi ichi. Moto wa m'tchire umagonja kapena kupambana m'mphindi zoyambirira. Ukadali waukulu ngati mphasa, munthu mmodzi amaupha ndi nthambi yaiwisi. Ukafika ngati bwalo la mpira mphepo ikuomba, ngakhale mutakhala anthu 50 mumangouzungulira n'kumaudikirira pa msewu wotchinga moto. Wosaka mbewa, ngakhale amalakwa, amakhala pomwe moto wayambira ndipo amauona. Droni imagwera kumene mwini wake kulibe, nthawi zina kuseri kwa chigwa kumene angafikeko patatha ola lathunthu. Aphunzitsi anatha mphindi 15 akufunafuna yawo pa dambo lathyathyathya. Mbali ya ku Chingwe's Hole ili m'mphepete mwa phompho loyang'ana ku chigwa cha Shire, ndipo droni ikagwera kumunsi kumeneko palibe amene angatsikeko msanga. Mwayi woti batire liyake ndi wochepa, ndikuvomera, koma likayaka kumeneko simudzakhala ndi chochita china koposa kuonerera.

Amene sanayendepo m'nkhalango ya paini mwezi wa October sangamvetse mmene pansi pamakhalira. Masamba ake owonda ngati singano amaunjikana zaka ndi zaka mpaka phazi limamira ngati mwaponda matiresi, ndipo ukawafumbata amathyoka n'kumveka fungo la utomoni. Pamwamba pake pamakhala nthambi zosadzidwa ndi zotsalira za ocheka matabwa. Moto ukalowa m'menemo umayenda pansipansi, kenako umakwera ndi nthambi zam'munsi, ndipo ukafika ku nsonga umalira ngati lole yodutsa pa mlatho. Pamtunda wokwera umathamanga koposa, chifukwa lawi limaweramira ku phiri n'kuumitsiratu zimene zili patsogolo pake. Ozimitsa moto amaphunzitsidwa kuti potsetsereka pakaonjezereka ndi madigiri 10, liwiro la moto wokwera limawirikiza pafupifupi kawiri. Masana kamvuluvulu amanyamula makala n'kukawaponya kutsidya kwa msewu umene munalambula mwezi wathunthu. Ndinaona zimenezi ndi maso anga tsiku lina, pamene tinaima pa msewu wotchinga tikuganiza kuti taugwira, n'kungomva mnzathu wa pa nsanja akukuwa kuti wayaka kumbuyo kwathu. Tinathawa titataya zida, ndipo mitengo imene ena a ife tinaidzala tili anyamata inatha madzulo amodzi.

Nkhalango ya Viphya inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo amene amadutsa pa Chikangawa lero amaona okha zimene moto pamodzi ndi kudula kosabwezeretsa zachita. Ku Mulanje, mkungudza umene unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984 watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo mbande zimene anthu akuyesetsa kudzala zimafa ndi moto umodzi wokha. Pa Zomba pali chinthu chinanso: mzinda wonse umamwa madzi a Mulunguzi, ndipo phiri likapsa, mvula yoyamba imakokolera phulusa ndi dothi m'mitsinje yolowera m'damu.

Za madroni onyamula mankhwala, achimwene, amenewo amaulutsidwa ndi anthu ophunzitsidwa, pa njira zodziwika, ndi chilolezo, ndipo mabatire awo amayang'aniridwa. Sizofanana ndi droni yakale yokhala ndi mabatire amene sitidziwa kuti anatchajidwa kangati asanafike ku Matawale. Mabatire awiri amene aphunzitsi akuwatcha abwinowo ndi a msinkhu umodzi ndi limene latupa.

Kunena za lamulo, gawo lalikulu la phiri la Zomba ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, limaletsa kubutsa moto m'malo otere. Pitani kaye ku ofesi ya za nkhalango mukafunse ngati angakuloleni kuulutsa, ndipo mufunsenso a za maulendo a pandege za malamulo a droni. Ngati mtima ukukanika kudikira, ulutsani m'mamawa dzuwa lisanakwere ndiponso mphepo isanadzuke, pamwamba pa malo opanda choyaka monga bwalo la mpira, munda wososedwa kale kapena lupsa lakale. Nyamukirani ndi kutera pa dothi loyera kapena pa katoni yaikulu, khalani awiri, tengani khasu ndi chigubu cha madzi, ndipo musailole kupita kutali kuposa pamene mungathamange n'kufika m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Koma za phiri, dikirani mvula ikhazikike. Mu January mathithi a Williams amakhala odzaza ndipo phiri lonse limakhala lobiriwira, pamene mu October mudzangojambula utsi ndi nkhungu ya fumbi.

Nangozo wa ku Dedza

Abambo mwalankhula za mabatire ndi za mitengo ya boma, ine ndilankhuleko za kumudzi, chifukwa anthu a m'tauni akafuna malo otakasuka oulutsira tindege tawoti amabwera kwathu. Mwezi uno pafupifupi khomo lililonse lili ndi mitolo ya udzu wofolera imene amayi anamweta kuyambira mu June, n'kuisenza pamutu kuchokera kudambo, ndipo yatsamira pa mtengo kudikira kuti abambo afolere mvula isanagwe. Chimanga cha chaka chonse chili m'nkhokwe kapena m'matumba m'nyumba ya denga la udzu. Mapesi ali m'munda, zigafa za fodya zauma gwa, ndipo ng'ombe zikudalira kamsipu kochepa kotsala m'dambo. Bambo amene anakulankhulani ku Chilwa aja sankaopa zachilendo, ankawerengera zimene ng'ombe zawo zidzadye mpaka December.

Zaka zingapo zapitazo moto wochokera kutchire unafika pa khomo la mayi anga masana anthu ali kumaliro. Sitinadziwe amene anaubutsa. Nyumba inapulumuka chifukwa pabwalo panali posesa, koma mitolo yonse ya udzu inapsa, ndipo ndimakumbukira mayi atakhala pansi pafupi ndi phulusa lija osalankhula kanthu, manja ali ndi zipsera za chisikilo. Udzu unali utatha kale kudambo, ndipo chaka chimenecho anagona m'nyumba yodontha mpaka tinasonkherana.

Palinso manda. M'midzi yambiri ya kuno nkhalango yachilengedwe yatsala kumanda kokha, ndipo moto ukalowa kumeneko si nkhani ya mitengo ayi, ndi mlandu wa kwa mfumu umene sutha ndi kupepesa pakamwa. Mlendo amene kandege kake kagwera kumanda sangangolowa kukatola ngati walowa m'munda. Choncho pempho langa kwa aphunzitsi ndi anzawo ndi lakuti mukafika pamudzi muyambe mwaonekera kwa a mfumu, mufotokoze chimene mwadzera, ndipo iwo adzakuuzani kumene simuyenera kuulutsira. Kumbukiraninso kuti kandege kakagwa, oyamba kufikapo amakhala ana, opanda nsapato, ndipo adzakatola ndi manja batire lili lotentha lomwelo.

Mmalawi wa ku Cape Town

Aphunzitsi afunsa ngati zinachitikapo, ndipo yankho ndi lakuti inde. Mu March 2018, ku Kendrick Park pafupi ndi mzinda wa Flagstaff ku Arizona, m'dziko la America, droni ya munthu wamba inayaka itatera pa udzu wouma, ndipo moto wake unatentha maekala oposa 300 ozimitsa moto asanaugonjetse. Malowo anali a udzu, osati nkhalango yowirira, ofanana ndithu ndi dambo limene mwafotokoza. N'zoona kuti nkhani zotere si zambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa madroni, ndipo pamenepo achimwene a ku Area 25 sakunama, koma sitinganene kuti ndi mantha opanda maziko.

Ndikufuna kuonjezera mbali ina imene sinatchulidwe, ya droni imene yaulutsidwa moto utayaka kale. Kuno chilimwe chimayamba cha mu December mpaka March kapena April, ndipo mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikaomba, tchire la pa Table Mountain limayaka koopsa. Pa 18 April 2021 ndinaona utsi ndili kuntchito, ndipo pofika madzulo moto unali utatentha malo odyera a pa Rhodes Memorial, chigayo chakale cha mphepo cha Mostert's Mill, ndi chipinda chowerengeramo cha laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town, mmene munali mabuku ndi zolemba zosowa za mbiri ya Africa. Moto umenewo sunayambe ndi droni, koma tsiku limenelo ndinaona mmene mahelikoputala amagwirira ntchito: amauluka chapansi kwambiri, m'kati mwa utsi, chidebe cha madzi chikulendewera ku chingwe. Woyendetsa sangaone kadroni m'malo otero, n'chifukwa chake droni yachilendo ikangooneka, ndege zozimitsa moto zimaimitsidwa. Kuno kuulutsa droni m'malo osungirako zachilengedwe a boma popanda chilolezo n'koletsedwa, ndipo Table Mountain ndi amodzi mwa malo amenewo.

Ku America zimenezi zawavutitsa kwa nthawi yaitali. Mu July 2015, pa moto wa ku Cajon Pass ku California, madroni a anthu ofuna kujambula anachedwetsa ndege zozimitsa moto tsiku limene moto unadumphira mu msewu waukulu n'kutentha magalimoto. Pa 9 January 2025, pa moto wa Palisades ku Los Angeles, droni yaing'ono ya kampani ya DJI, ya gulu lopepuka ngati yanuyo, inagunda ndege yotunga madzi yochokera ku Quebec, ku Canada, n'kuboola phiko lake. Ndegeyo inatera bwino, koma inakhala pansi masiku angapo ikukonzedwa pamene nyumba za anthu zinkapsa, ndipo mwini droni anavomera mlandu kukhoti.

Kwathu moto timauzimitsa makamaka ndi manja, koma chiyeso chofuna kujambula moto kuchokera m'mwamba ndi chomwecho, ndipo ndikudziwa kuti aliyense amene ali ndi droni akaona phiri likuyaka mtima umamuuza kuti athamangire chithunzi. Mpweya wa pamwamba pa moto ndi wotentha ndiponso wovunduka, utsi umatseka maso a kamera ndi a woulutsa, ndipo droni ikagonja ingathe kugwera patsogolo pa moto kapena kumbuyo kwa anthu amene akuuzimitsa, n'kuwatsegulira moto wachiwiri. Ngati a nkhalango akufuna droni iwathandize kuona kumene moto ukulowera, aitane okha ndipo atsogolere ndi iwo.

Pa za tsiku loyenera, ozimitsa moto m'mayiko angapo ali ndi kachizindikiro kosavuta kukumbukira ka 30 atatu: kutentha kukaposa madigiri 30, chinyontho cha mumpweya chikatsika pansi pa 30 pa 100 alionse, ndipo mphepo ikaposa makilomita 30 pa ola, moto umavuta kuugwira. Masana ambiri a October kwathu amakwaniritsa ziwiri mwa zitatuzi mosavuta, ndipo a zanyengo amalengeza za kutentha ndi mphepo pa wailesi tsiku ndi tsiku.

Mphunzitsi wa ku Matawale

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. Batire lotupa lija ndalichotsa m'kabati ya zovala momwe linali, ndipo tsopano lili mu mphika wadothi wa mchenga kuseri kwa bafa, kumene ana safikako. Nditayang'anitsitsa awiri otsalawo poagoneka pa galasi la tebulo, ndapeza kuti limodzi likugwedera pang'ono m'malo mogona thyathyathya, choncho nalonso ndaliika pambali, ndipo ndatsala ndi limodzi lokha limene ndingalikhulupirire.

Pa 15 October ndikwerabe phiri ndi banja langa, koma droni itsala kunyumba, ndipo ndidzapita ku ofesi ya za nkhalango kukafunsa za chilolezo cha mu January. Achimwene a ku Area 25, ndamva nkhawa yanu, ndipo ndi chifukwa chomwecho sindikufuna kuti nkhani yoyamba ya droni yotentha phiri m'dziko muno idzakhale yanga. Mayi Nangozo, ku dambo kuja ndinangofika n'kuyamba kuulutsa osaonekera kwa wina aliyense, ndipo ndikadzabwererako ndidzayamba ndafunafuna bambo a ng'ombe aja.

Funso limodzi latsala kwa achimwene a ku Limbe. Batire lili mumchengali linali ndi mphamvu pafupifupi theka pamene ndinkaliikamo. Kodi pali njira yabwino yoti ndilithetsere mphamvu popanda kulibwezera m'droni, ndipo likatha mphamvu, inu mabatire otere mumapita nawo kuti?